Maliro Owomberedwa M'manja

Tsiku limenelo tinalipo ife: ineyo, mayi a kunyumba kwanga, mwana wanga wamwamuna wachisamba, amayi atatu a kumpingo kwathu ku Annandale amene amagwira ntchito yosamalira odwala, ndi mnzanga wa ku Zambia woyendetsa takisi, amene anatseka ntchito tsiku lonse kuti atinyamule. Kumbali ya azungu kunali mwana wamkazi wa malemu wochokera ku California, mkulu wa nyumba ya zisudzo, munthu wa kandevu kosongoka ngati ka tonde, ndi chikhamu cha anthu a zisudzo amene sindingawatchule mmodzimmodzi chifukwa sindinawadziwe, ndipo mpaka lero sindifuna kuwadziwa. Malemu nawonso analipo, ngati kumeneko n'kukhalapo. Anali m'kamtsuko kachitsulo, pa katebulo, pambali pa maluwa.

Onsewa ndawatchula dala. Amene akadali moyo akhoza kundichitira umboni. Ine sukulu ndinalekezera panjira, cholembera chimanditerereka m'zala, koma bodza sindinaphunzire, ndipo mawu anga sanabisalepo pamaso pa munthu aliyense, kaya mzungu kaya nduna.

Ku America kuno ndinabwera kudzayendetsa galimoto ya ku ofesi ya kazembe, ku Massachusetts Avenue. Ndinayendetsa akuluakulu zaka zambiri, m'chipale chofewa ndi m'dzuwa momwe, osagundapo ngakhale galu. Boma litasintha kumudzi, mabwana anga anaitanidwa, atsopano anabwera ndi anthu awo, ine n'kutsala ndi chipewa cha udalaivala chokha. Mkazi wanga, amene anali kale pa ntchito yosamalira okalamba, ndiye anamva kuti ku Falls Church kuli madala ena ofuna mwamuna wamphamvu wowanyamula. Akazi onse amene ankatumizidwa kumeneko ankawabweza, ati safuna kusambitsidwa ndi ana aakazi a eni. Nditamva zimenezo ndinati ameneyo ndi munthu wodziwa ulemu, ndipita.

Ndinawapeza ali pampando wa matayala, atayang'ana pawindo. Munthu wamtali, wa mafupa akuluakulu, tsitsi lili mbuu, mbali ya kumanzere yonse itafa ndi sitiroko. Ndinapereka moni m'Chingerezi changa cha pamsewu. Anadzidzimuka, n'kutembenuka.

“Tanenanso,” anatero.

Ndinanenanso.

“Mawu amenewa unawatenga kuti? Ine ndinavutika moyo wanga wonse kuti anga azifika pampando wakumbuyo m'nyumba ya zisudzo, iwe ukungowamwaza popereka moni!”

Kuyambira tsiku limenelo ankanditchula kuti Kaputeni, chifukwa cha chipewa chija. Ine ndinkawatchula kuti Madala, ndipo mawu amenewo anawaphunzira, ankayankha. Ndinkawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwawenga zikhadabo, kuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Thupi lawo ndinkalidziwa kuposa langa, mpaka chipsera cha pabondo chimene anachitenga atagwa pa hatchi.

Ntchito yawo moyo wonse inali ya zisudzo. Anabadwira kudera la migodi ya malasha, bambo awo ankafuna kuti nawonso alowe pansi, iwo n'kuthawira ku New York ali mnyamata. Kumeneko ankasesa ndi kunyamula mipando m'nyumba za zisudzo, mpaka tsiku lina wosewera wina atadwala anawaveka jekete lake n'kuwakankhira pansanja. Anapita kunkhondo, anabwerako, anapita ku California kukasewera mafilimu, aja opanda mitundu aja, oyera ndi akuda. Koma musaganize kuti iwo anali uja wokwatira mkazi wokongola kumapeto kwa filimu. Iyayi. Iwo ntchito yawo inali kufa. Akafuna munthu woti awomberedwe ndi mfuti n'kugwa pa hatchi, ankaitana iwo. Woti agubuduke pamasitepe, iwo. Woti amwe poizoni m'malo mwa bwana wake, iwo omwewo. Mafilimu atayamba kuwaiwala, anabwerera pansanja, n'kudzakhazikika ku Washington, kumene nyumba ina ya zisudzo inawasunga ngati nkhalamba ya pamudzi, mpaka sitiroko ija inawapeza m'kachipinda kovalira, atadzola kale zodzoladzola kumaso.

Masana tikamaliza kusamba ankandiuza kuti ndiike tepi mu vidiyo. Matepi anali odzaza kabati. Ine ndinkakhala pambali, kumaonerera bwana wanga ali mnyamata, akufa. Lero afa m'chipululu, mawa afa m'chipatala, mkuja afa m'sitima ya pamadzi. Tsiku lina ndinawaona atagona m'bokosi lenileni, atavekedwa suti, manja atapingasa pachifuwa. Ndinazimitsa.

“Madala, kodi munalibe abale okuletsani? Munthu kugona m'bokosi uli wamoyo, amenewo ndi malodza. Kumeneko n'kuitana imfa ndi dzanja.”

Anaseka mpaka kutsokomola. “Kaputeni, bokosi limenelo ndilo linaphunzitsa mwana wanga sukulu. Ndipo linali lofewa bwino, ndinagonamo tulo teniteni, mpaka anachita kundidzutsa chifukwa cha mkonono.”

“Si zoseka zimenezo.”

“Ukanakhala pansanja iwe, anthu akanathyola zitseko. Ndikupezere kagawo? Ndikadali ndi anzanga kumeneko.”

“Ine si munthu wodzionetsa pamaso pa anthu kuti andiseke. Ndinayendetsa nduna ine.”

Nkhani imeneyi ankaibwereza nthawi ndi nthawi pofuna kundiputa, ine n'kumakana chimodzimodzi.

Chaka china mtsikana wathu wa ku Malawi, namwino, anamwalira ku Maryland. Ndinapempha kuti ndichoke, mkazi wanga n'kupeza mwamuna wina woti agwirizire ntchito yanga. Nditabwerera Madala anandifunsa kuti ndinatsalira kuti masiku onsewo. Ndinati tinali pamaliro, tinkagona komweko mpaka thupi linakwera ndege.

“Anali m'bale wako?”

“Ayi. Nkhope yake ndinaiona kamodzi kutchalitchi.”

“Nanga anakuitana ndani?”

“Pamaliro saitana, Madala. Ukangomva, umanyamuka. Maliro n'kulirana.”

Anafuna kumva zonse. Ndinawafotokozera kuti amayi amakhala pansi m'nyumba ya siwa pamodzi ndi thupi, amavula nsapato, amatambalala, amalira, akatopa amayimba, akayimba amaliranso. Abambo amakhala panja, koma kuno chifukwa cha kuzizira timakhala pabalaza la nyumba yoyandikana. Ndinati tsiku loika, munthu mmodzi amaimirira n'kunena mbiri ya womwalirayo, kumene anabadwira, zimene anagwira, amene wawasiya, kuti ngakhale mlendo wodutsa adziwe kuti amene akupitayo anali munthu. Dzanja lawo lamoyo linkasisita lakufa lija.

“Kaputeni, ine ndafa kambirimbiri. Nthawi zonse ndikafa, anthu ankaimirira n'kuyamba kufunafuna majasi awo ndi makiyi a galimoto. Ndikadzapita zenizeni, udzandichitire zakwanuzo. Ndidzalilidwepo kamodzi.”

Ndinawayang'ana m'maso kuti ndione ngati akuseka. Sankaseka. Ndinagwira dzanja lawo lamoyo n'kunena kuti ndidzachita. Ine ndikanena kuti ndidzachita, ndiye kuti zatha.

Anamwalirira kuchipatala m'nyengo yozizira. Ine ndinamva pafoni m'mawa. Ndinavala suti yanga yakuda, n'kuuza mwana wanga kuti andiperekeze ku Falls Church, chifukwa nthawi imeneyo maso anali atayamba kundivuta pamsewu. Mwana wangayu anabwera kuno ali ndi mano a mkaka. Ndi munthu wa makompyuta, waulemu ndithu, koma Chichewa amangomva, poyankha amayankha m'Chingerezi, ngati ndikulankhula ndi wapolisi.

Tinapeza mwana wamkazi wa malemu atafika kale, akulongedza matepi aja m'makatoni. Anandikumbatira, n'kundithokoza kwambiri. Ndinafunsa kuti thupi libwera nthawi yanji kuti tikonze pabalaza, tichotse mipando, amayi apeze pokhala. Sanamve. Mwana wanga anamufotokozera. Mayiyo anandiyang'ana mwachifundo ngati ndine wodwala, n'kunena kuti thupi silibwera, wasayina kale kuti akaliwotche, ndipo mwambo wokumbukira udzachitika patsogolo, kunyumba ya zisudzo, anthu akadzapeza mpata.

Kuwotcha! Munthu amene ndinkamuyesera madzi osamba ndi chigongono kuti asapse! Osandiuza n'komwe kuti bwera udzaone nkhope. Ine amene ndinkameta ndevu zimenezo, osandilola kuzimeta komaliza. Koma m'nyumba ya maliro sukalipa, ukali wanga ndinaumeza. Ndinangoti malemu anandisiyira mawu, ndipo pamwambopo ndidzalankhula mwa chikwathu, ndidzabwera ndi anthu anga. Anati zimenezo zidzakhala zokongola kwambiri. Mawu akuti zokongolawo akanandichenjeza, koma sindinawaganizire.

Pobwerera, tili pa maloboti a ku Seven Corners, ndinayamba kutulutsa zimene ndinameza zija. Mwana wanga anandisiya ndilankhule, kenaka n'kunena m'Chingerezi chake chosalala kuti kuno ndi mmene amachitira, palibe cholakwika, n'zaukhondo, sizivutitsa otsala. Anati ngakhale anthu athu ena ayamba kuganiza zomwezo, m'malo movutika ndi ndege.

“Anthu athu ati?” ndinafunsa.

“Anthu basi, adadi.”

“Ndiye kuti ine ndikadzafa udzandiika m'kabotolo, n'kundikhazika pamwamba pa wailesi yakanema?”

Anaseka, n'kunena kuti tisakambe zimenezo, ndikadali wamphamvu. Sanati ayi. Ndinamvetsera bwinobwino, sanati ayi. Kuyambira pamenepo nkhaniyi sinalinso ya Madala okha. Ndinaona ndekha ndili m'kamtsuko, kutali ndi manda a makolo anga ku Dowa, mwana wanga akupukuta fumbi pachivindikiro Loweruka lililonse. Ndinati mnyamata ameneyu adzakhalapo tsikulo, adzaima pambali panga, adzamasulira mawu anga onse, aone ndi maso ake mmene munthu amaperekezedwera.

Mwambowo anauika Lolemba masana. Nditafunsa chifukwa chake anati Lolemba ndilo tsiku limene sasewera. Mwamva? Maliro kudikira tsiku lopanda sewero! Amayi athu anachita kusinthana mashifiti ndi anzawo kuti apezeke. Anavala zitenje, anamanga mipango kumutu, majasi pamwamba. Palibe mmodzi wa iwo amene anawadziwa Madala, kupatula mkazi wanga, koma palibe amene anafunsa kuti ndi ndani wathu.

Titangolowa pakhomo tinalandiridwa ndi phokoso. Anthu ataimirira m'timagulu, matambula a vinyo m'manja, tchizi pa timitengo, akazi atavala zofiira ndi zobiriwira, kupsompsonana m'masaya, kuseka mpaka kuweramira kumbuyo. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha Madala atavala chipewa cha woweta ng'ombe. Mnzanga wa ku Zambia anandikoka jekete.

“Ba mudala, manje apa ni malilo olo ni ukwati? Kapena tasoba njila?”

“Khala chete, tafika.”

“Awe, ngati ni so, ine nikafa munibweletse kuno. Kuli na vinyo.”

Amayi anamuyang'ana ndi diso limodzi, iye n'kutseka pakamwa. Mtsikana wina anatibweretsera matambula pa thireyi, tonse tinakana.

Tinalowa m'chipinda chachikulu, mipando yotsetsereka ngati ya kubwalo la mpira. Kutsogolo kunali nsanja, pansanjapo katebulo kaja, kamtsuko kaja. Anazimitsa magetsi n'kutsitsa chinsalu. Ndiye anayamba kuonetsa chiyani? Imfa za Madala! Anazidula m'mafilimu onse aja n'kuzilumikiza pamodzi. Agwa pa hatchi, anthu kuseka. Agubuduka pamasitepe, kuseka ndi kuwomba m'manja. Litafika bokosi lija, wina kumbuyo analiza likhweru. Mkazi wanga anaphimba kumaso ndi mpango. Kenaka anzawo a malemu anayamba kukwera mmodzimmodzi, aliyense ndi nthabwala yake: tsiku limene malemu anaiwala mawu pansanja, tsiku limene ndevu zomata zinagwera mu supu. Mayi wina wokalamba, wopaka milomo, ananena zoti Madala anamufunsirapo kuseri kwa makatani, anthu n'kufa nacho chiseko, mwana wa malemu ali pomwepo. Palibe anatchula kumene anabadwira. Palibe anatchula bambo awo kapena mayi awo. Ndinayang'ana mwana wanga, ndinapeza naye akumwetulira. Ndinamuponda phazi.

Pomaliza mkulu wa kandevu uja anati tsopano timve mawu ochepa kuchokera kwa bwenzi limene linasamalira malemu masiku awo otsiriza. Ndinaimirira, ndinavula chipewa, ndinakodola anthu anga. Tinakwera tonse. Amayi anavula nsapato m'munsi mwa masitepe, anayala zitenje pansi mozungulira katebulo kaja, n'kukhala motambalala. Wa ku Zambia anaima kumbali, manja kumbuyo, nthabwala zonse zitamuthera. Wa kandevu anandipatsa chimkuzamawu. Ndinachibweza. Magetsi ankandithobwa m'maso, anthu sindinkawaona, ndinkangomva kupuma kwawo.

Ndinayamba monga mmene timayambira. Ndinapereka ulemu kwa mwana wa malemu monga mwini maliro, kwa akuluakulu a nyumbayo, kwa abale amene ali kutali, kwa anamalira onse amene anasiya ntchito zawo kudzakhuza. Ndinapepesa kuti ndaimirira pamaso pawo ine wosayenera. Zonsezo mwana wanga anazimeza, n'kutulutsa timawu tiwiri tokha, toti masana abwino nonse, motsitsa ngati akupempha mchere kwa apongozi.

Ndinatembenuka. “Iwe, ndanena zimenezo ine? Kweza mawu, unene zonse! Kodi mayi ako sanakuyamwitse?”

Anthu anaseka, ngakhale sanamve. Mnyamata anachita thukuta pamphumi, koma anakweza.

Ndinanena mbiri yonse. Ndinatchula dera la malasha, bambo wa m'migodi ndi mayi wochapa zovala za anthu, mnyamata wothawa ndi kachikwama kamodzi, tsache la ku New York, nkhondo, hatchi imene inawathyola bondo, mkazi wawo amene anatsogola kale. Ndinati munthu uyu anadya thukuta lake, ngakhale ntchito yake inali yachilendo kwa ine. Ndinati masiku otsiriza dzanja linafa, mwendo unafa, koma sanatukwanepo womusambitsa. Ndinati wasiya mwana mmodzi, ndi uyu ali apayu, mumuyang'anire, asakhale wamasiye pakati pa anthu ochuluka chonchi. Mawu anga ankagunda khoma la kumbuyo n'kubwerera. Pamenepo mwana wanga anali atasiya kumeza, ankanditsatira mawu ndi mawu.

Kenaka ndinayang'ana kamtsuko kaja n'kunena kuti, “Madala, ndine Kaputeni. Munati mudzalilidwepo kamodzi. Ndabwera nawo anthu. Pitani bwino.”

Mkazi wanga ndiye anayamba. Iye Madala ankawadziwa, ankawatumizira mandasi, ndiye kulira kwake kunachokera pansi penipeni. Amayi ena aja anamulandira. Musaganize kuti ankachita zachiphamaso. Aliyense wa iwo anali ndi maliro ake a kumudzi amene sanapiteko, wina mayi ake, wina mchemwali wake, zaka zimenezo mafoni a kumudzi ankangobweretsa uthenga umodzimodzi, wa imfa. Zonsezo zinatulukira pamenepo. Kulira kutafika pachimake, mmodzi wa iwo, wa mawu okhuthala, anayambitsa nyimbo ya maliro ya kutchalitchi, enawo n'kuvomera, ine ndi wa ku Zambia tikugunda besi. Misozi inanditsika mpaka m'kolala, ndipo sindinaipukute.

M'chipindamo munali zii. Ngakhale wokhosomola panalibe. Ndinkamva ena akufwenthera kutsogolo. Mumtima ndinati, eya, afika tsopano. Ndi anthu ndithu, ankangosowa wowatsogolera. Madala, mwaona? Lonjezo lija ndi limeneli. Nyimbo inatha, amayi anaweramitsa mitu. Pamenepa mpamene munthu amakhala chete, kusiya chisoni chikhale pansi.

Wina anawomba m'manja.

Ndinayesa mwina ndi mwana. Koma anatsatira wachiwiri, wachitatu, kenaka chipinda chonse chinaphulika ngati mvula ya matalala pa malata. Magetsi anayaka, ndinawaona. Onse ataimirira! Kuwomba, kukuwa, malikhweru, ena akupukuta misozi ndi dzanja limodzi n'kubwereranso kuwomba. Kwathu m'manja timawomba, inde, mofukata, pang'onopang'ono, popereka ulemu kwa akulu. Uku kunali kuwomba kwa pampira, chigoli chikalowa. Ankatiwombera ife. Mkazi wanga ali pansi, maso ali psuu, akumuwombera m'manja ngati wavina bwino.

Ndinakweza dzanja kuti aleke. Anawonjezera. Ndinakuwa m'Chingerezi kuti awa ndi maliro, si sewero! Mawu anga onse aja, amene Madala ankawasirira, ndinawatulutsa. Anaseka mokondwa n'kuwomba koposa, ngati nawonso ndi mawu a m'sewero momwemo. M'moyo mwanga ndatukwanidwapo, ndachotsedwapo ntchito ngati galu, koma manyazi ndi ukali wa tsiku limenelo sindinaumvepo kwina.

Ndinauza amayi kuti nyamukani. Anapinda zitenje, anavala nsapato, anthu akuwombabe. Wa kandevu anatithamangira m'munsi mwa masitepe, n'kundigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Anati sanaonepo chinthu champhamvu chotere pansanja imeneyo. Kenaka anafunsa kuti gulu lathu limatchedwa chiyani, timakonzekera kuti, ndipo kodi tingadzabwerenso nyengo yotentha kudzachita zomwezi masiku angapo.

Mwana wanga anayamba kundimasulira. Ndinati, “Usavutike, ndamva.” Ndinachotsa dzanja langa m'manja mwa munthuyo chala chimodzichimodzi.

“Muuze kuti akadzafa iyeyo tidzabwera. Pamaliro saitana.”

Kaya anamuuza, kaya anameza, sindinadikire.

Mwana wa malemu anatipeza pakhomo. Kulira analira, zimenezo sindingamunamizire, utoto wa m'maso unali utatsikira m'masaya. Anakumbatira mkazi wanga nthawi yaitali, n'kundiuza kuti bambo ake akanazikonda kwambiri. Ndinafuna kumufunsa kuti kodi maliro amakondedwa? Koma ndi mwana wamasiye, ndinangomugwira paphewa. Anatipempha kuti titsale tidye nawo. Tinatuluka.

Kunja kunkazizira, kamphepo kolasa m'mafupa. Tinayenda mpaka poimika magalimoto. Amayi anali khuma. Mmodzi anati, “Abambo, mwatitengera kuti kodi? Ine ndimalira mayi anga, anthu n'kumandiimbira likhweru.” Wa ku Zambia anatsegula takisi yake, n'kuima, n'kupukusa mutu.

“Ba mudala, musakalipe, koma niganiza mzungu wanu uja anakugwilani. Si munakamba kuti anali kufuna kukukwezani pa siteji? Manje mwakwela. Na bantu baimilila.”

“Ukanenanso zimenezo ubwerera wekha ku Annandale. Munthu amene ndinamusambitsa sangandichite chipongwe chotero. Ndinamuyang'ana m'maso tsiku limene anapempha. Iwe unalipo?”

“Sininaliko.”

“Ndiye tseka pakamwa.”

Mpaka lero ndimakana. Madala anapempha misozi, ndipo misozi tinawapatsa. Amene anaiponda ndi anzawo aja, anthu oti chilichonse chochitika pamalo okwera amachiyesa sewero. Anaba maliro a munthu ali pomwepo m'kamtsuko.

Mkazi wanga anatulutsa chigubu cha madzi chimene tinabwera nacho, chifukwa munthu suchoka pamaliro n'kukalowa m'nyumba osasamba m'manja. Manda panalibe, dothi sitinagwire, koma mwambo ndi mwambo. Ndinati ndithire ndine, koma ndi ukali uja madzi ankangotayikira pa nsapato. Mwana wanga anandilanda chigubucho. Ndinkadikira kuti ayambe kundiphunzitsa za kuno, kuti ndamuchititsa manyazi pamaso pa azungu, ndipo yankho ndinali nditalikonza kale. Iye anathirira amayi onse mmodzimmodzi, anathirira mayi ake, anathirira wa ku Zambia. Atafika pa ine ananjuta, suti yake ya ku ofesi ikukhudza simenti yonyowa, monga amachitira mwana wa kumudzi pothirira bambo ake. Sindinamuphunzitsepo zimenezo, kaya anazionera kuti. Madzi anali ozizira ngati mpeni. Anathira pang'onopang'ono, osandiyang'ana kumaso, n'kulankhula m'Chichewa, chopunduka inde, koma Chichewa.

“Bambo, ine sindinawombe m'manja. Sindidzakuwotchani, mwamva? Ndidzakuperekezani ndekha mpaka ku Dowa. Koma mawu oyambira aja, opereka ulemu aja, mundiphunzitse mukadali ndi mpweya, chifukwa lero ndinawataya. Kungoti muzidzandiphunzitsa motsitsa. Khutu ili likulirabe.”